Bambo Anafika Kwawo Atakhala Tsonga

Bambo anga anakalambira pachikamwini, m'mudzi mwa amayi kufupi ndi Chiputo, koma ankanena kawirikawiri kuti mafupa awo okha sadzakhala akamwini. Kwawo kunali kwa Chimphande, kupitirira Malowera, kufupi ndi malire a Zambia, kumene kuli manda a amayi awo ndi amalume awo. Choncho matenda a m'chiwindi atawatupitsa mimba m'chipatala cha ku Fingoe, anamwino n'kutiuza mwaulemu kuti mankhwala afika pomwe amalekezera, bambo anandigwira dzanja nati, "Mena, uwauze amako anditengere kwathu ndikadapuma. Ndikafera kuno mudzandikwirira pakati pa alendo." Amayi anali pomwepo ndipo anamva okha. Anangoyamba kumanga mapoto ndi zofunda m'chitenje.

Inali nthawi imene mvula ikutsazika, anthu akudya chimanga chachiwisi, misewu ikadali matope okhaokha. Tinawagoneka bambo pakhonde la baraka ina, kagolosale ka pamsika wa Fingoe, ine n'kuyamba kuyendayenda kufunsa galimoto yopita ku Malowera. Anyamata a mota, njinga zamoto zonyamula anthu, anandizungulira ngati ndagwetsa nyama. Nditawalozera wodwalayo, mmodzi anati, "Mana, achemwali, palibe vuto, madalawa tiwamanga ndi chingwe kumsana kwanga ngati thumba la makala." Anzake anaseka. Ndinamufunsa ngati bambo ake amawamanganso choncho, ndipo anandiyankha kuti bambo ake ali ndi ana odziwa kufuna ndalama. Mawu amenewo anandiwawa chifukwa anali ndi kachoonadi.

Tinapeza kamiyau, galimoto yaikulu yonyamula katundu wa m'mabaraka, mchere, sopo, makereti a mowa ndi malata. Woyendetsa anatiuza m'mawa kuti tikwere msanga chifukwa akunyamuka pompano. Pompano wakeyo anafika mpaka masana. Anapita kukafuna mafuta, anabwera, anapita kukatsazika mkazi wake, anabwera, kenako anakumbukira kuti ali ndi mkazi winanso kuseri kwa sukulu. Ife tinali pamwamba pa matumba a mchere, amayi atatambasula miyendo, bambo atakhala pakati atatsamira pachifuwa chawo. Kugona chagada sankatha, chifukwa mimba inkawapanikiza mpweya, ndiye ulendo wonse anayenera kuuyenda atakhala tsonga.

Tinakwera ndi anyamata okumba golide, aliyense ndi kawailesi kake kolira nyimbo yakeyake. Mmodzi, wovala magalasi akuda, anasuntha chikwama chake nati mokweza, "Madalawa ayamba kale kununkha." Bambo anamva. Anatsegula diso limodzi nati, "Ndi fungo la kumene ukupita, mwanawe, ulizolowere." Mayi wina wogulitsa nsomba zouma anaseka mpaka kutsokomola, ndipo anawapatsa bambo nthochi imene sanathe kuimeza.

Kamiyauyo anatitimira padambo lina dzuwa litapendeka. Walira mvula walira matope, ndipo ife tinali titailira kwambiri chaka chimenecho. Tonse tinatsika, bambo tinawakhazika patsinde la mtengo, amuna n'kuyamba kudula nthambi ndi kutsitsa malata kuti aponderepo matayala. Anyamata a golide, amene ntchito yawo ndi kukumba, anakana kugwira fosholo, ati iwo amakumba zolipira. Tinagona pomwepo, ndipo thirakitala ya munthu wina wogula fodya ndi imene inatikoka m'mawa mwake. Ku Malowera tinafika miyendo itachita dzanzi, milomo ili mbuu ndi fumbi la mchere.

Pamenepo m'pamene msewu wa galimoto unathera kwa ife. Njira ya kwa Chimphande ndi ya njinga ndi ngolo, ndipo munthu woyenda pansi amanyamuka kukucha n'kukafika dzuwa likulowa. Tinafunsa eni ngolo za ng'ombe. Aliyense ankayamba wavomera, kenako akawayang'ana bambo n'kukumbukira kuti ng'ombe yake ina ikutsimphina. Pomaliza mayi wa nsomba uja anatinong'oneza kuti tipite kwa Sozinyu, mwini ngolo ya abulu, amene sakana ndalama. Anawonjezera kuti, "Koma mupemphere kuti akafike amoyo. Munthu ameneyo anatsitsapo mayi wina m'nkhalango, mwana atamufera pamiyendo."

Sozinyu anali wamfupi, wa mapewa otambalala, ndipo pamutu sankachotsa chipewa chakale cha apolisi chimene sindidziwa anachitola kuti. Chikwapu chake chinali cha mphira wa tayala. Tinamupeza akupaka girisi ngolo yake, ndipo asanamve ndi vuto lathu lomwe anayamba kutiuza za mtundu wake. Agogo ake, anatero, ndiwo ankasunga akavalo a mzungu wa paposito, paofesi ya boma, ndipo anali ndi ngolo ya denga imene ankaibwereketsa kwa amwenye amalonda ndi kwa ansembe. Akavalowo anatha ndi ntchentche zoluma za m'tchire, banjalo n'kutsikira pa abulu, koma malamulo a ntchito sanatsike.

"Atate anga anali ndi ngolo ziwiri," anatero. "Ina ya amoyo, ina yakuda ya maliro. Yakudayo inapsa pa nkhondo. Yatsalayi ndi ya amoyo basi. Ngolo ikangonyamula mtembo, mayi, yatha. Palibe angaikepo chimanga chake, amati sichikhalitsa m'nkhokwe. Palibe angakwezepo mkwatibwi kapena wapakati. Ndiye ine ndidzadya chiyani, abuluwa?"

Amayi anati, "Achimwene, awa ndi amoyo, mukuwaona nokha."

Iye anapukuta manja, anagwada, n'kuwakoka bambo chikope monga amachitira wogula mbuzi. "Madala, dzina lanu ndani?"

"Jeremiya Mwale."

"Mukukatani kwa Chimphande?"

"Kukaona alongo anga."

Sozinyu anadzuka nati, "Mawu alipo. Koma ndikangoona kuti akutembenuza maso, ndikutsitsani pomwepo, kaya ndi pamtsinje kaya ndi paphiri. Musadzati sindinanene." Anatenga ndalama zonse zimene zinatsala pamfundo ya chitenje cha amayi, nawonjezerapo foni yanga. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho sitinatsutse.

Tinanyamuka m'mawa mwake mame asanaume. Abulu ake awiri anawatcha Kabo ndi Sarijentu, mayina a maudindo a usilikali, ndipo ankanena yekha kuti anachita dala, kuti azibwezera pa iwo zimene asilikali anamuchita ali mnyamata. Ankawakwapula pokwera, ankawakwapula potsika, ndipo pamalo pabwino ankawakwapulanso kuti asaiwale. Kabo anali ndi chilonda pakhosi pomwe goli limakhudza, chofiira, ntchentche zitachita mudzi pamenepo. Nditamuuza kuti aikepo kansanza, anati, "Mana, samalani wodwala wanu, wanga ndimusamala ndekha."

Tisanatuluke m'Malowera anakwezanso munthu wina, Dona Berita, mayi wonenepa wa ndolo zazikulu, amene ankabwerera kwawo ndi nsalu ndi shuga za ukwati wa mwana wake. Iyeyu anali atalipira kale ngolo yomweyi kuti idzanyamule mkwatibwi kupita naye kutchalitchi Loweruka lotsatira. Anakhala kutsogolo pambali pa Sozinyu, nsana atatilozetsa, ndipo pakamwa pake sipanatsekeke. Tinamva za mkamwini wake wogwira ntchito ku Tete, za nkhumba imene adzaphe, za apongozi ake aumbombo. Nthawi ndi nthawi ankatembenuka pang'ono n'kunena kuti, "Si choncho, abambo?" Bambo ankayankha ndi kam'ng'ung'udzo, ndipo iye ankakhutira.

Tayala linaphulika pakati pa nkhalango ya misuku. Ngolo za masiku ano zimayendera matayala akale a galimoto, ndipo la Sozinyu linali ndi zigamba zambiri kuposa mphira wake weniweni. Anatukwana abulu, anatukwana njira, anatukwana amene anamugulitsa chubu. Anatitsitsa tonse, nachirikiza ngolo ndi miyala, n'kupeza kuti guluu wake wauma. Tinadikira mpaka munthu wa njinga anadutsa, amene anali ndi guluu koma analibe pompa. Pompa anali nayo Sozinyu, yoboola, ndipo inkafuna munthu wina kutseka bowolo ndi chala. Munthu ameneyo ndinali ine. Ndili chogwada pamenepo ndinkaponya maso kwa bambo, amene anali atatsamira amayi pamthunzi, akupuma ngati munthu wokwera phiri. Dzuwa linkakwera, ndipo ndinkadana ndi mphindi iliyonse imene tinkataya pa tayala limenelo.

Titakweranso bambo anapempha madzi. Amayi anawanyowetsa milomo. Anafunsa ngati tadutsa kale phiri lina limene ankakusako mbewa ali mwana, ndipo amayi, amene sankalidziwa phirilo, anati talidutsa. Bambo anati, "Ndiye tayandikira." Sitinali titayandikira, tinali tisanafike ndi pakati pomwe.

Anatsirizika dzuwa lisanafike paliwombo, Dona Berita ali mkati mofotokoza za keke. Panalibe kuphupha. Ndinangoona mutu wawo ukupendekera paphewa la amayi, mwendo umodzi n'kuwongoka pang'ono. Kenako ndinaona dzanja la amayi likudutsa pamaso pawo, kuwatseka zikope.

Kwathu munthu akatsirizika, mkazi amene ali pafupi amalira nthawi yomweyo. Salira pambuyo pake, salira akapeza mpata. Kulirako ndiko kumauza mudzi, ndipo amati n'kumene kumamuuza womwalirayo kuti wasiya anthu omukonda. Mkazi amene wakhala chete pambali pa mtembo amafunsidwa mafunso. Ine ndinatsegula pakamwa, mfuu itafika kale pakhosi, koma amayi ananditsina pantchafu ndi zikhadabo zonse mpaka ndinameza. Anandiyang'ana, anayang'ana nsana wa Sozinyu, kenako nkhalango imene inatizungulira mbali zonse. Ndinamva. Akanatitsitsa pamenepo, akazi awiri ndi mtembo, bambo akanakwiriridwa ndi anthu odutsa m'njira, m'mbali mwa msewu, opanda ndi mlendo yemwe wogona naye pafupi.

Amayi anavula duku lawo n'kuwamanga bambo chibwano, kenako anawafunditsa chitenje kumutu ngati wozizidwa. Anawakumbatira pachifuwa kuti asagwe, nati ndi mawu a tsiku ndi tsiku, "Atate ake Mena, tsamirani bwino, njirayi ndi yoipa."

"Si choncho, abambo?" anatero Dona Berita.

"Agona," anatero amayi. "Asiyeni apumeko."

Dona Berita anatsika pamphambano ya kwawo ndi mitolo yake. Anamukumbutsa Sozinyu kuti adzatsuke ngolo ndi kuikongoletsa ndi maluwa a mapepala, ndipo anasuzumira kumbuyo nati, "Muchire msanga, abambo, mudzavine paukwati." Amayi anathokoza m'malo mwawo.

Titayenda pang'ono Sozinyu anaimitsa abulu. Anatsika, anazungulira ngolo ngati akuona tayala, n'kuima pafupi ndi mapazi a bambo. Ntchentche zimene zinali pachilonda cha Kabo zinali zitasamukira pamphepete mwa chitenje. Anayang'ana nthawi yaitali. Ine ndinali nditagwira kale mtolo wathu, kuyembekezera kutsitsidwa.

Koma munthuyo anali wochenjera kuposa mkwiyo wake. Akanatitaya pamenepo, pafupi ndi mudzi wa Dona Berita, nkhani ikanafika kwa mwini ukwati dzuwa lisanalowe, ndipo aliyense akanadziwa kuti munthu wafera pangolo. Anavula chipewa, anakanda mutu, anachivalanso.

"Madala agona tulo tabwino," anatero pang'onopang'ono. "Pangolo yanga safapo munthu, mayi. Mwandimva? Awa akafera kwawo, pamphasa, alongo awo akuona. Ndipo midzi imene tidutseyi iwaone kuti ndi amoyo. Ndikati moni, nawonso apereke moni. Mukalephera, ndikukutayani pachigwembe pomwe afisi okha ndiwo adzakhale mboni."

Mudzi woyamba unali wa nyumba zowerengeka. Sozinyu, amene m'mawa monse sanapatse moni munthu, anayamba kufuulira aliyense. "Muli bwanji kumeneko? Ndatenga madala a kwa Chimphande, akuchokera kuchipatala." Kenako chapansipansi, "Dzanja, mayi." Amayi analowetsa mkono wawo pansi pa chitenje, anagwira chigongono cha bambo, n'kukweza. Dzanja la bambo linatuluka, linagwedezeka, zala zili lende. Akazi a pamtondo anaombera m'manja mwaulemu nati apepese wodwalayo. Ndinayang'ana kumbali, chifukwa ndikanayang'ana nkhope ya amayi ndikanalira.

Sozinyu sanalekere pomwepo. Zinayamba kumukomera. Pakati pa tchire, popanda womuona, ankatembenuka n'kufunsa, "Madala, fodya mukoka?" Amayi akakhala chete, ankaimitsa abulu mpaka ayankhe kuti akuti zikomo, sakoka. Anatiuza kuti tiimbe nyimbo ya kutchalitchi kuti wodwala asatope ndi ulendo, koma isakhale ya maliro. Tinaimba ya zokolola. Sindinadanepo ndi munthu monga ndinadanirana ndi khosi lakumbuyo la Sozinyu tsiku limenelo, ndipo ndikanakhala ndi nkhwangwa pafupi sindidziwa kuti nkhaniyi ikanatha bwanji.

Pamudzi wina waukulupo panali amuna akumwa kachasu pansi pa mtengo wa mango. Sozinyu anaimika ngolo padzuwa, patali pang'ono, n'kupita kukakhala nawo. Tinamumva akunena kuti wanyamula Jeremiya Mwale. Pomwepo mkulu wina wa imvi, amene ankamutchula kuti aTembo, anadzuka nadza kwa ife akudzandira. Anali mnzawo wa bambo wa paubwana, ndipo anakhalanso limodzi kumsasa wa othawa nkhondo ku Zambia kumene ine ndinabadwira.

"Jeremiya, ndiwe? Wakumbukira kwanu tsopano?" Anafuna kuvundukula chitenje.

Amayi anatchinga ndi phewa. "Kuwala kukuwapweteka maso, alamu. Sakutha kulankhula bwino."

"Ingondiyankha, mnzanga. Ndine Tembo."

Sozinyu anali atatembenuka, kapu ili m'manja, akutiyang'ana. Amayi anaweramira m'chitenjemo ngati akumvetsera, ndipo ndinamva kubuula kwa mawu aakulu, a mwamuna, kochokera pansi pamimba. Anatengera ndendende mmene bambo ankabuulira masiku a kuchipatala. Kenako anakweza dzanja lija, koma nthawi ino linavuta, linali litayamba kulimba, ndipo linakwera theka n'kukhala pomwepo. ATembo analigwira nsonga za zala mwamsanga, maso awo odzaza misozi ya mowa, nati, "Wazizira, mnzanga, koma wandizindikira." Anabwereka njinga nati atsogole akawauze alongo ake kuti Jeremiya akubwera, akonze phala.

Madzulo tinafika pa Chamchenga, mtsinje wotsiriza tisanalowe kwa Chimphande. Madzi anali a m'mawondo koma mchenga wake ndi womeza matayala. Sozinyu anati tonse titsike tikankhe. Amayi anati sangawasiye bambo, agwa. Iye anati ayese. Amayi anasolola miyendo yawo pang'onopang'ono, anachotsa manja, anatsika. Bambo sanagwe. Anakhala okha pakati pa ngolo, tsonga, mawondo atapindika, mutu utapendekera paphewa limene panalibenso, dzanja lija lili m'mwamba theka.

Sozinyu anaseka mpaka kugwira goli. "Onani, madala achira. Akukhala okha."

Tinakankha. Abulu anagwada m'madzi, iye n'kuwakwapula kumaso mpaka Sarijentu anatuluka magazi m'mphuno. Amayi ankakankha ndi phewa, maso ali pa bambo amene ankagwedezeka uku ndi uku ngati mtsuko wosakhazikika bwino. Titaoloka anakweranso n'kuwakumbatira.

Kwa Chimphande tinapeza anthu atasonkhana pakhomo pa azakhali anga a Rozariya, mlongo wamkulu wa bambo. Mphasa inali itayalidwa pakhonde, phala lili m'mbale. Azakhaliwa sanawakondepo amayi. Ankati chibwerere ku Zambia mlongo wawo anatsekeredwa m'botolo, n'chifukwa chake anatsatira mkazi ku Chiputo m'malo mobwerera kwawo. Komabe tsiku limenelo anatilandira ndi manja awiri, akuti, "Mwachita bwino, alamu, mwachita bwino."

Sozinyu anadumpha msanga. "Anyamata, nyamulani madala bwinobwino, atopa ndi ulendo." Anyamata awiri anawanyamula, ndipo ndinaona nkhope zawo zikusintha asanafike ndi pakhonde pomwe. Anayesa kuwagoneka pamphasa. Bambo anagwera chammbali monga analili, miyendo yopindika, ngati munthu wokhala pampando umene wagwa. Chitenje chinavundukuka, duku la pachibwano n'kuonekera.

Azakhali anagwada, anawagwira pamphumi, anayesa kuwongola mkono. Iwo asambitsa mitembo yambiri pa moyo wawo. Sanalire msanga. Anadzuka nati, "Uyu wafa kalekale. Wafa m'mawa uyu."

Sozinyu anali atatembenuza kale abulu, ngolo ili yopanda kanthu. "M'mawa? Ayi, mayi, pangolo yanga anali wamoyo. Pamtsinje pompa anakhala yekha, osagwiridwa. Midzi yonse wadutsa akupereka moni. Funsani aTembo awo."

ATembo, mowa utawathera, anati, "Zoona. Anandibuulira, ndipo anandipatsa dzanja. Koma linali lozizira."

Anthu anayamba kusuntha, kutalikirana ndi amayi. Ndinaona kumene nkhani ikulowera, ndipo ndinalankhula zonse, za lamulo la ngolo, za nkhalango, za kutsinidwa kwanga. Ndinati anamwalira tisanafike pamphambano ndipo tinabisa kuti afike kwawo monga anapemphera.

Sozinyu anati, "Mwana aikira kumbuyo make. Ine ndinyamule mtembo tsiku lonse osadziwa? Ndinamumva ndi makutu angawa akukana fodya." Anakwapula abulu, ngolo n'kumapita.

Azakhali anandiyang'ana. "Ndiye wabuula uja ndani, Mena?"

"Ndi amayi."

"Wakweza dzanja ndani?"

"Ndi amayi, koma..."

"Mwamva nonse. Mkazi walankhula m'kamwa mwa mtembo, wauyendetsa manja, waukhazika tsonga, wauimbira nyimbo. Ndipo taonani maso ake." Onse anayang'ana. Maso a amayi anali ouma, ofiira ndi fumbi basi. "Mwamuna wakufera pachifuwa m'mawa, mpaka pano ndi dontho lomwe ayi. Ngati si iwe wamudya, lira tikuone. Lira, mlamu."

Amayi anagwada pafupi ndi mapazi a bambo. Anatsegula pakamwa. Ndinaona khosi lawo likukoka, mapewa akugwedezeka, manja akupanda pansi. Panatuluka mpweya wokha, wouma, ngati wa munthu wotsamwa. Anayesanso. Chimene anachipondereza tsiku lonse chinakana kubwera pamene anachiitana. Ine ndinalira, ndinalira mokwanira anthu awiri, koma misozi ya mwana saiwerengera make.

Pamenepo azakhali ndiwo anayambitsa maliro, akazi onse a pamudzi n'kulandira, ndipo mkati mwa kulirako anatikankha kutichotsa pabwalo. Wina anaponya mtolo wathu kumsewu. Wina anawalavulira amayi pamsana. Mkulu wa mpingo anayesa kulankhula, koma mawu ake anamira. Anangotiperekeza mpaka kumapeto kwa mudzi, pamsasa wa m'munda mwake, nati tisaonekere kufikira zonse zitatha.

Kuchokera pamsasapo nyumba ya azakhali inkaoneka pang'ono pakati pa mapesi. Bokosi la munthu wokhala tsonga kulibe. Kusanade kwenikweni ndinaona amuna awiri akulowa m'nyumbamo ndi munsi, ndipo akazi anakweza nyimbo kuti atseke phokoso. Sanalitseke lonse. Amayi anali pambali panga, atakumbatira mawondo awo, ndipo sanagwedezeke.

Bambo anaikidwa mawa lake pafupi ndi amayi awo, monga anafunira. Ife tinamva nyimbo zikupita kumanda ndi kubwerera, kenako tinanyamuka wapansi kulowera ku Malowera. Za ulendo wobwerera ndilibe zambiri. Nkhani inatitsogolera, ndipo inafika ku Chiputo ife tisanafike. Ndinamva kuti ukwati wa mwana wa Dona Berita unayenda bwino, ngolo itakongoletsedwa.

Amayi alipo, akulima. Pamudzi pakagwa maliro amawauza kuti akhale kunja, kumoto, ndipo atsikana akabereka sawapatsa khanda kuti alinyamule. Za Sozinyu sanenapo kanthu, ngakhale za azakhali. Amangodziimba mlandu umodzi, woti bambo atangotsirizika akanawagoneka chagada mwamsanga thupi lisanalimbe, akanati wodwala wafuna kugona, ndipo palibe akanadabwa. Nthawi zina tikupalira amaimika khasu n'kundifunsa kuti, "Mena, kodi anawawongola bwino miyendo atate ako?" Ndimayankha kuti inde, amayi, anawasisita ndi madzi ofunda ndipo inawongoka yokha. Amagwedeza mutu n'kupitiriza kupalira. Munsi uja anaumva nawonso, tinali pamodzi pamsasapo.